Anapensulo ndi Chizungu Chokhota

Dzina lawo lenileni linkadziwika kubanki ndi kuchipatala kokha. Anthu ena onse, kuyambira alonda a pageti mpaka adzukulu awo, ankangoti Anapensulo. Anali mayi wamfupi, woyenda ngati wachedwa basi, ndipo m'tsitsi mwawo, pamwamba pa khutu lakumanja, simunkasowa pensulo yofiira. Ntchito yawo inali yotaipa makalata pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Anaigwira zaka makumi atatu ndi zinayi, pa tebulo limodzimodzi, pafupi ndi zenera loyang'ana ku galaja.

Kudana ndi Chingerezi cholembedwa molakwika sanabadwe nako. Kunawalowa ali mtsikana, mwezi wachiwiri chiyambireni ntchito. Bwana wa nthawi imeneyo ankalankhula akuyendayenda, ndudu ili pakamwa, mawu ena akutuluka, ena akutsalira m'ndevu. Tsiku lina anawauza kuti ataipe kalata yoitanitsa katundu yense wa pamndandanda kupatula magalasi a mazenera, chifukwa magalasi anali atadzaza kale mosungira katundu. Liwu loti kupatula pa Chingerezi ndi "except". Iwo anamva "accept", lomwe ndi kulandira, n'kutaipa momwemo. Bwana anasaina osawerenga. A kufakitale anawerenga, anakanda mutu, n'kungotumiza zonse.

Patatha milungu iwiri lole inaima pageti ndi mabokosi makumi anayi a magalasi. Posowa poika, anawasanja m'kanjira kopita ku ofesi ya otaipa, ndipo anakhala momwemo pafupifupi chaka chathunthu. Aliyense wodutsa ankayenda chammbali ngati nkhanu. Bwana sanakalipe. Ankangoti m'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, mayi wa magalasi?" Kukalipa kukanakhala bwino, chifukwa kumatha. Loweruka lotsatira Anapensulo anakagula dikishonale yaing'ono ya chikuto chobiriwira ndi pensulo yofiira, ndipo kuyambira pamenepo pepala lililonse lofika m'manja mwawo linkaona zakuda.

Ofesi ya masiku amenewo ankaikumbukabe mpaka ukalamba. Munali makina otaipira anayi, ndipo onse akayamba kulira pamodzi zinkamveka ngati mvula pamalata, kabelu kakuti ngi kumapeto kwa mzere uliwonse. Kalata iliyonse inkatuluka patatu, mapepala a kaboni ali pakati. Ukalakwitsa chilembo chimodzi unkafufuta pa mapepala atatu, kuuzira zinyenyeswa za labala, kenako kubwezera pepala pamzere pake mosamala. Pofika teni koloko, nthawi ya tiyi, zala zinali zitada ndi kaboni, ndipo makapu onse a mu ofesimo anali ndi zidindo za zala zabuluu zosachoka ndi sopo. Munthu wovutika chotero ndi chilembo chimodzi sangasangalale kuona mnzake akumwaza zilembo ngati akudyetsa nkhuku.

Zimene zinkawapweteka kwambiri anali mawu aja omveka mofanana koma osiyana kalembedwe. Wina akalemba "their" pofuna kunena "there", nsidze zawo zinkakumana. Pa kabati yosungira mapepala ndi maenvulopu wina anamatapo chikwangwani choti "stationary", liwu lotanthauza chinthu chosayenda, m'malo mwa "stationery". Anapensulo anaima patsogolo pake kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Sananame. Chibwerereni ine kabatiyi sindinaionepo ikuyenda." Anzawo anaseka, koma pofika madzulo chikwangwanicho chinali chitasinthidwa.

Ndi khalidwe lomweli limene linawapezera mwamuna. Ku galaja kunabwera makanika watsopano, wamtali, wa mpata pakati pa mano, amene ankakonza malole a kampaniyo. Akamaliza ntchito ankalemba pa kakhadi zimene wakonza, ndipo makhadiwo ankakwera masitepe kudzataipidwa. Khadi lake loyamba linabwerera ku galaja lili ndi mizere yofiira isanu ndi umodzi. Posakhalitsa mwini wake anatulukira pakhomo la ofesi, ovolosi ili gilisi yekhayekha, khadi lili m'manja.

"Ndani wandichongera ngati ndili kusukulu?" anafunsa, koma osakwiya.

"Ndine, bambo," anayankha Anapensulo osasiya kutaipa. "Mabuleki ndi b-r-a-k-e-s. Zimene mwalemba inuzi, b-r-e-a-k-s, ndi kuthyola. Mwalemba kuti mwakonza kuthyola."

"Nanga loleyo ikuima kapena siikuima?"

"Sindinaikwere."

"Ikuima, mayi. Ndiye vuto lili pati?"

"Vuto lili papepala."

Makanika uja anayang'ana khadi, anayang'ana mayiwo, n'kutsika masitepe akuseka yekha. Kuyambira tsiku limenelo makhadi ankabwera nawo yekha, ati kuopa kuti angasochere panjira, chonsecho njira yake inali masitepe khumi ndi awiri.

Patapita miyezi itatu, pakati pa makhadi panapezeka envulopu. Kalatayo inali ya Chingerezi, chifukwa mnyamata wa nthawi imeneyo ankaona kuti mawu achikondi a m'chinenero chake ndi opepuka. Inayamba ndi "My deer sweatheart", n'kutha ndi "I want to merry you". Anapensulo anaiwerenga kawiri m'chimbudzi cha akazi. Kenako anabwerera pa tebulo, anasolola pensulo m'tsitsi, n'kuyamba ntchito. M'mbali analemba kuti "deer" ndi mbawala, "sweat" ndi thukuta, ndipo iwo si nyama ya m'tchire komanso mtima wawo sutuluka thukuta. Pansi anaikapo atatu pa khumi, ndi mawu oti: Lembaninso.

Makanika analembanso. Kalata yachiwiri inapeza asanu, yachitatu inabwerera pa anayi. Yachinayi inabwera yoyera, yopanda polakwika ngakhale pamodzi, yodzaza ndi mawu aatali onena za mwezi ndi nyenyezi. Anapensulo anaiwerenga pensulo ili m'manja, anasowa poigwiritsa ntchito, ndipo anadabwa kuona kuti akhumudwa. Nthawi yoweruka anatsikira ku galaja koyamba chibwerereni pakampanipo. Anapeza miyendo yokha ikuonekera pansi pa lole.

"Kalata iyi simunalembe ndinu," anauza miyendoyo.

"Anandithandiza aphunzitsi ena a kufupi ndi kwathu," anatero mawu ochokera pansi pa lole.

"Ndiye akufuna kundikwatira ndi aphunzitsiwo?"

Makanika anatuluka msangamsanga mpaka kugunda mutu ku chitsulo. Anakwatirana chaka chomwecho.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa msewu wafumbi, ndipo pakhomo pankangokhala zitsulo za magalimoto a anthu. Ana anabadwa atatu, woyamba wamkazi, enawo amuna. A Makanika Chingerezi chawo sichinawongoke mpaka kalekale, ndipo sizinkawadetsa nkhawa. Akafuna kuwaputa akazi awo ankaitana kuchokera panja kuti, "Mbawala yanga, madzi osamba atentha?" Anapensulo ankayankha kuti mbawala sizitereka madzi, koma madziwo anali atatentha kale.

Ana anakula akudziwa kuti kope la kusukulu limayamba laonedwa ndi amayi lisanafike kwa aphunzitsi. Anyamata awiriwo sizinkawakhudza, ankangotenga kope lofiiralo n'kuthamangira ku mpira. Koma wachisamba, mtsikana uja, anali wa mtima wosachedwa kusweka, ndipo apa ndi pomwe Anapensulo analakwitsa chinthu chachikulu kuposa magalasi aja.

Mwanayo atapita kusukulu yogonera komweko, analemba kalata yake yoyamba mu Chingerezi, poti kusukuluko ankawakakamiza kutero. Analemba kuti "I am not filling well", kuti akuwasowa amayi ake "to much", ndiponso kuti atsikana anzake akumuseka chifukwa cha nsapato zake zong'ambika kutsogolo. Anapensulo anaiwerenga ali pa tebulo la ku ofesi, makalata ena khumi akudikira. Dzanja linachita zomwe linazolowera. Anakonza "filling" kukhala "feeling", anawonjezera chilembo pa "to", anaibweza kalatayo pamodzi ndi sopo ndi kabotolo ka mafuta odzola, mumtima akuti amuthandiza mwana.

Kalata ina sinabwerenso. Mwezi unatha, wachiwiri unatha. Anapensulo ankayang'ana m'bokosi la makalata a kampani m'mawa ndi masana, n'kumadandaula kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Lamlungu lina akuchapa ovolosi ya amuna awo, anapeza m'thumba makalata anayi opindidwa bwino, a dzanja la mwana wawo, olembedwa kwa bambo ake pa adiresi ya ku galaja. Anapita nawo pomwe a Makanika ankatsuka zitsulo m'beseni.

"Bambo a ana, izi ndi ziti?"

A Makanika anapukuta manja pang'onopang'ono. "Ndi makalata a mwana wanu."

"Nanga bwanji akulembera inu nokha?"

"Chifukwa ine ndimawerenga zomwe wanena. Inu munawerenga zilembo, koma kalatayo simunaiwerenge. Mwana amakuuzani kuti akudwala, mayi. Anagona masiku asanu ndi malungo. Ine ndinapitako, ndinakuuzani kuti ndikukakoka lole yofera panjira."

Anapensulo anabwerera kuseri kwa nyumba, anapitiriza kuchapa, ndipo ovolosi imodzi yomweyo anaichapa mpaka dzuwa kupendeka. Loweruka lotsatira anakwera basi yoyamba, nsapato zatsopano zili m'chikwama. Kupepesa ndi pakamwa sankakudziwa bwino. Anakhala ndi mwanayo pa benchi kuseri kwa chipinda chodyera, anamuveka nsapatozo okha atagwada, anamugwira pamphumi ngati malungo akadalipo, n'kunena kuti, "Uzindilembera. Mmene ungalembere momwemo." Mwanayo anangogwedeza mutu. Kalata inabwera patatha milungu itatu, yaifupi, yosamala ngati munthu woyenda pamatope. Zinatenga zaka kuti makalata ake atalikenso. Kuyambira nthawi imeneyo, kalata ya mwana ikafika, Anapensulo ankayamba atsekera pensulo m'dilowa. Milomo yokha ndi imene inkagwedera pofika pa liwu lokhota.

Zaka zinapita, mabwana anasinthana, ndipo tsiku lina makina otaipira anatsitsidwa masitepe amodziamodzi, m'malo mwake n'kubwera makompyuta. Ofesi inangoti zii. Bwana watsopano, mnyamata wa msinkhu wa mwana wawo, anawaonetsa kamzere kofiira komwe kompyuta imajambula pansi pa liwu lolakwika.

"Mwaona, mayi? Tsopano mupumule. Makinawa amachonga okha."

Anapensulo anavomera ndi mutu. Sabata yomweyo bwanayo analemba yekha kalata yopita kwa makasitomala onse, n'kuwapatsa kuti angoipinda ndi kuika m'maenvulopu. Anaiyang'ana kamodzi, n'kukagogoda pa chitseko.

"Bwana, pansi pa dzina lanu mwalemba 'General Manger'."

"Eya, ndi udindo wanga."

"Mwasiya chilembo chimodzi. 'Manger' ndi modyera ng'ombe. Kompyuta sinadandaule chifukwa liwulo liliko ndithu. Kungoti siikudziwa kuti inu si modyera ng'ombe."

Bwanayo anayang'ana mulu wa makalata mazana awiri omwe anali atasaina kale, n'kuvula magalasi. Kuyambira tsikulo mpaka Anapensulo kupuma pantchito, palibe pepala lomwe linatuluka pageti lisanadutse pa tebulo la pazenera.

Tsiku lotsanzikana anzawo anagula keke yaikulu, pamwamba atalembapo ndi shuga wofiira kuti "Fairwell" m'malo mwa "Farewell". Aliyense anali ataona kale kulakwikako, koma nthawi yobweza keke panalibe, ndiye onse anangoima chete kudikira chomwe chichitike. Anapensulo anatenga mpeni, anadula bwinobwino kachigawo komwe panali chilembo cholowerera, anakaika pa mbale yawo n'kudya. "Vuto latha," anatero. Otaipa anzawo akale awiri, omwe anabwera dala tsikulo, anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka.

A Makanika anamwalira patatha zaka ziwiri, m'mawa wina, atangokhala pansi kuti apume pambali pa galimoto ya mnansi. Nyumba inakula mwadzidzidzi. Zitsulo za pakhomo eni ake anabwera kudzatenga, udzu n'kumera pomwe panali madontho a oilo. Anapensulo anatsala ndi nyuzipepala, yomwe ankaiwerenga yonse mpaka zotsatsa malonda akung'ung'udza, ndi mauthenga a pafoni ochokera kwa adzukulu, omwe ankalemba "gud" ndi "u" ngati zilembo zikugulitsidwa modula. Amenewo sankawachonga. Ankangoyankha ndi ziganizo zathunthu, chizindikiro chilichonse pamalo pake, poyembekeza kuti mwina chitsanzo chidzawalowa.

Kenako kung'ung'udza kuja kunayamba kuchepa, ndipo woyamba kuzindikira anali wachisamba, yemwe tsopano anali mayi wa ana ake, akugwira ntchito m'tauni momwemo. Tsiku lina akuyenda limodzi kuchokera kumsika, anadutsa pa golosale yatsopano yomwe inali ndi chikwangwani chachikulu ngati chitseko, cholembedwa kuti "We sale cold drinks", "sale" m'malo mwa "sell". Mwanayo anachepetsa liwiro kudikira ndemanga. Amayi ake anangodutsa.

"Amayi, chikwangwani icho mwachiona?"

"Ndachiona. Achita bwino, chokongola."

Mwanayo anaima pakati pa msewu. "Chalembedwa chiyani?"

Anapensulo anayang'ana nthawi yaitali, maso atatsinzinira pang'ono, kenako anati, "Tiye, katunduyu akulemera."

Kunyumba zonse zinaululika. Nyuzipepala ankaigulabe, koma inali miyezi isanu ndi itatu asakuiwerenga. Mauthenga a adzukulu ankawawerengera ndi mayi woyandikana nawo nyumba. Sanauze ana awo chifukwa, mwa mawu awo, munthu yemwe wakhala moyo wonse akuloza zolakwa za ena sapeza poyambira kunena kuti sakuona. Kuchipatala dokotala anati ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo ikhoza kuchotsedwa, diso limodzi kaye.

Opaleshoni inali yaifupi kuposa nthawi yomwe anadikira pamzere. M'mawa mwake mwana wawo anapita nawonso kuti akachotse bandeji. Namwino anamatula pang'onopang'ono, anapukuta m'mbali mwa diso, ndipo dokotala, mayi wachitsikana wa mawu ofatsa, anawafunsa ngati akuona dzanja lake. Anapensulo anaphethira kangapo. Kuwala kunawalasa kaye, kenako zinthu zinayamba kukhala m'malo mwake: dzanja la dokotala, wotchi yapakhoma, nkhope ya mwana wawo yomwe inali ndi imvi zomwe iwo sankazidziwa. Chitseko chinali chotsegula, ndipo maso awo anapitirira mpaka pakhoma la panja, pamwamba pa mabenchi.

"Dzanja ndikuliona, adokotala. Koma chikwangwani icho analemba ndani?"

"Chiti, agogo?"

"Icho chakuti 'Patience wait here'. Odwala ndi 'patients'. Chomwe chalembedwapo ndi kuleza mtima. Kapena ndiye mumatanthauza zomwezo, poti dzulo tinakhala pamenepo maola anayi."

Dokotala anasuzumira panja, anawerenga, n'kuseka chogwira pakamwa. Namwino anati chikwangwanicho anachipeza chilipo kale pomwe ankayamba ntchito, ndipo palibe yemwe anadandaulapo. Mwana wa Anapensulo anatembenukira kuzenera, akufufuza kansalu kopukutira misozi m'chikwama.

Pobwerera anamuuza mwanayo kuti ayendetse galimoto pang'onopang'ono. Anawerenga mokweza chilichonse cholembedwa m'mbali mwa msewu, pa mashopu, pa mabasi, pa makoma a sukulu, ngati mwana wongophunzira kumene kuwerenga. Pofika pageti la nyumba anali atapeza zolakwika khumi ndi chimodzi, ndipo nkhope yawo inali yowala ngati munthu wochokera kokacheza kwa abale.

Asanatsike anati, "Mawa undiperekeze kumanda kwa bambo ako. Mwala uja munaika ine ndisakuona bwino. Ndinangovomera kuti uli bwino."

Mwanayo anati chabwino, koma atangowalowetsa m'nyumba anatuluka panja n'kuimbira foni mlongo wake wamng'ono, kumufunsa ngati mawu a pamwalawo anawawerenga asanawapereke kwa wosema. Mlongoyo anati akuganiza kuti anawerenga. Atafunsidwanso kachiwiri, anati sakukumbuka.

Anapita m'mawa dzuwa lisanatenthe. Anapensulo anawerama pamwalapo, diso lopangidwa opaleshoni litatetezedwa ndi magalasi akuda, n'kuyendetsa chala pa mzere uliwonse, kuyambira dzina mpaka tsiku lomaliza, kenako kubwereza. Mwana wawo anaima kumbuyo akudikira. Panalibe cholakwika. Mayiwo anakhala pansi m'mphepete mwa manda, anazula udzu womwe unamera m'mbali, n'kuyamba kuwafotokozera amuna awo za diso, za dokotala wachitsikana, ndi kuti diso linalo akakonza mwezi wamawa. Anayankhula motsitsa, nthawi yaitali, mwanayo n'kusuntha pang'ono kuti asamve zonse.

Potuluka anadutsa pa mwala wina watsopano, wonyezimira, wolembedwa ndi zilembo zagolide kuti "Rest in Piece", liwu loti chidutswa litalowa m'malo mwa "peace", mtendere. Mwanayo anawagwira mkono kuti afulumire. Anapensulo anaima pang'ono, anayang'ana mwalawo ndi maluwa ofota omwe wina anasiya pansi pake.

"Ndaona," anatero. "Asiye, anali ndi zambiri m'mutu. Tiye, dzuwa lakwera."